Kucokera ku Lusaka Kufika ku London pa Ndeke: Mtunda ndi Maola Ake



Inu amene mukhala ku midzi ya ku Chongwe, kapena m'makomboni a kum'mawa kwa Lusaka, mudziwa bwino kanyali kofiira kamene kamaphethira kumwamba usiku wopanda mitambo. Kanyaliko kamayamba kuoneka, ndipo kulira kwa ndeke kumadza pambuyo pake. Ana ang'ono amaloza ndi zala nafuula, koma akulu amangotukula maso nanena kuti, "Apita ku Ulaya amenewo." Kodi ku Ulayako ndi kutali motani, ndipo munthu atakhala pa mpando wa ndeke angathe maola angati asanapondenso pansi? Kuti tiyankhe bwino, titenge mizinda iwiri yokha, Lusaka likulu la dziko lathu ndi London likulu la Britain, ndipo tiyese mtunda umene uli pakati pake monga momwe mlimi amayesera munda wake asanayambe kugaula.

Ana a Giredi 6 ndi Giredi 7 adziwa kale lamulo la masamu lakuti nthawi ya ulendo imapezeka pogawa mtunda ndi liwiro. Munthu wopalasa njinga makilomita 15 pa ola, pofuna kufika pa mudzi umene uli pa makilomita 45, adzayenda maola 3. Lamuloli ndi loona, ndipo woyendetsa ndeke amaligwiritsa nchito monga inu. Koma mukatenga tikiti ya ndeke ndi kuyesa lamulolo pa manambala olembedwa pamenepo, mudzaona ngati masamu anu akunama. Sakunama ai. Cimene cimatisokoneza ndi cakuti sitinafunse kuti mtundawo wayesedwa motani, liwirolo ndi la pa nthawi iti ya ulendo, ndiponso nkoloko imene tikuyang'anayo ndi ya dziko liti.

Tiyambe ndi mtunda. Basi yocoka ku Lusaka kupita ku Chipata imayenda makilomita pafupifupi 570, cifukwa mseu umakhota pozemba mapiri, umatsika kukafuna mlatho wa pa Luangwa, nukweranso kutsidya. Ndeke ilibe kanthu ndi mlatho. Imadutsa pamwamba pa zonsezo monga nkhwazi, ndipo mtunda wake kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 490 cabe. Cimodzimodzi ku Livingstone: pa mseu ndi makilomita oposa 470, koma mumlengalenga ndi pafupifupi 390. Motero ponena za mtunda wa ndeke, tikunena za mzere wowongoka, wosalabadira mtsinje kapena phiri.

Mzere wotere kucokera pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda ku Lusaka kufika pa bwalo la Heathrow ku London ndi makilomita pafupifupi 7,900. Agogo anu amene anazolowera mamailosi mungawauze kuti ndi mamailosi 4,900. Nambala yaikulu cotere imangolowa khutu ili ndi kuturukira linalo, tsono tiyeni tiipatse miyendo. Pofuna kuti kugawa kusatibvute, tiitenge ngati makilomita 7,920. Mwamuna wamphamvu woyenda pansi makilomita 30 tsiku liri lonse, osapumula ngakhale pa Sondo, angathe masiku 264, ndiko kuti pafupifupi miyezi isanu ndi inai. Atanyamuka mvula yoyamba itagwa mu November, akafika anzake atakolola kale, atamanga nkhokwe, ndi kuocha mauvuni a njerwa. Wa njinga uja, atapalasa usana ndi usiku osatsika, angathe masiku 22. Basi yothamanga makilomita 80 pa ola, yosaima pali ponse, ingathe maola 99, ndiwo masiku anai ndi maola atatu. Ndipo onsewa tawakomera mtima, pakuti tawayalira mseu wowongoka pamwamba pa nkhalango, cipululu ndi nyanja, kumene kulibe mseu wotere.

Apa ndipemphe aphunzitsi kuti asafulumire kutenga rula ndi kuyesa pa mapu a dziko lonse amene apacikidwa pa khoma. Mapu amenewo ndi athyathyathya, pamene dziko ndi lobulungira. Sendani lalanje, ndipo yesani kuyala khungu lake pa tebulo kuti ligone bwino: lidzang'ambika, kapena mudzalikoka mpaka litasintha maonekedwe. Olemba mapu nawonso amakoka. Pa mapu ambiri a m'sukulu maiko a kumpoto kwenikweni amaoneka otupa. Cisumbu ca Greenland cimaoneka ngati cifuna kulingana ndi Africa, pamene zoona zake ndi zakuti Africa ndi wamkulu kuposa Greenland nthawi 14. Rula yoikidwa pa mapu otere idzakupatsani nambala yolakwa, ndipo idzakusonyezaninso njira yolakwa.

Cida coyenera ndi mpira uja wosonyeza maonekedwe a dziko lapansi, pamodzi ndi ulusi. Sukulu zina zili nao mu ofesi ya aphunzitsi akulu, pamwamba pa kabati, utadzala fumbi. Utsitseni, pakuti sunagulidwe kuti ukhale cokometsera ofesi. Zunguzani ulusi pa mzere wa Ikweta, ndi kuudula pamene nsonga zake zakumana. Ulusi umenewo ukuimira makilomita 40,000, ndiko kuzungulira kwa dziko lonse. Tsono upindeni pasanu molingana, mudule mbali imodzi. Mwana mmodzi agwire nsonga ina pa Lusaka, mnzake akoke nsonga inayo cakumpoto, mopendekera pang'ono kumadzulo. Mudzaona kuti ulusiwo ukafika pa London, mwina kupitirira pang'ono pokha. Ulendo wathu ndiye kuti ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a kuzungulira dziko lonse. Mwana amene wagwira ulusiwo ndi zala zake sadzaiwala nambala imeneyi, ngakhale ataiwala zonse zimene zinalembedwa pa bolodi tsiku limenelo.

Kwa ana okulirapo pali njira yina yotsimikizira. Mizere yopingasa ya pa mpirawo imawerengedwa m'madigiri, ndipo digiri imodzi kupita kumpoto kapena kum'mwera ndi makilomita 111. Lusaka ali pa madigiri 15 ndi pang'ono kum'mwera kwa Ikweta, London ali pa madigiri 51 ndi theka kumpoto kwake. Kuphatikiza, ndi madigiri pafupifupi 67, ndipo 67 kuculukitsa ndi 111 ndi 7,437. Makilomita otsalawo, pafupifupi 500, amadza cifukwa London sali kumpoto kwa Lusaka ndendende, koma wapatukira kumadzulo ndi madigiri 29.

Ulusi uli cigwirire, yang'anani maiko amene wapingasa. Ucoka mu Zambia kulowa mu Congo, nudumpha Ikweta pamwamba pa nkhalango zazikulu za dzikolo. Upitirira ku Central African Republic ndi ku Chad, nulowa m'cipululu ca Sahara, kumene ndeke imatha maola osaona mtengo kapena mtsinje pansi pake. Udutsa Libya ndi Tunisia, uoloka nyanja ya Mediterranean pafupi ndi cisumbu ca Sardinia, upyola dziko la France, ndi kudumpha kanyanja kopapatiza kamene kalekanitsa France ndi Britain. Imeneyi ndiyo njira yaifupi koposa zonse, ndipo palibe woyendetsa ndeke angaifupikitse, ngakhale akhale katswiri wotani.

Kuitalikitsa kokha ndiko kotheka, ndipo kumacitika tsiku ndi tsiku. Kumwambako kuli miseu yosaoneka, imene ndeke zimatsata molamulidwa ndi anthu okhala pansi olankhula nazo pa wailesi, kuti zingagundane. Pamwamba pa Congo pamakhala mitambo ikuluikulu ya mabingu, yotalika kuposa pamene ndeke iuluka, ndipo woyendetsa wanzeru amailambalala. Koposa apo, mlengalenga muli eni ake. Dziko liri lonse liri ndi ulamuliro pa thambo la pamwamba pake, ndipo lingathe kukaniza ndeke za ena. Kuyambira mu 1963, maiko ambiri a mu Africa anakaniza ndeke za South Africa kudutsa pamwamba pao cifukwa ca ulamuliro wa tsankho umene unali m'dzikomo. Kwa zaka zambiri ndeke zimenezo popita ku Ulaya zinali kuzungulira pa nyanja ya Atlantic, kunja kwa gombe la kumadzulo kwa Africa, ndipo zambiri zinali kutera pa cisumbu ca Sal ku Cape Verde kukamwa mafuta. Mu August 2023 dziko la Niger linatseka thambo lake asilikali atalanda boma, ndipo ndeke za pakati pa Ulaya ndi kum'mwera kwa Africa zinayamba kuyenda njira yotalikirapo mpaka linatsegulidwanso. Akulu anati khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Koma kukhota kuli konse kumaonjeza makilomita, ndipo makilomita amadya mafuta ndi nthawi.

Tsopano liwiro. Ndeke zazikulu za masiku ano, zikafika pamwamba pamene ziyenera kuuluka, zimathamanga makilomita pakati pa 850 ndi 900 pa ola. Titenge 880. Pa mphindi imodzi ndi makilomita pafupifupi 15, kotero kuti mtunda wa pakati pa Lusaka ndi tauni ya Kafue umatha pa mphindi zitatu, nthawi imene mai sanathe n'komwe kupakula nsima. Zimauluka pa msinkhu wa makilomita 10 kufika 12 kucokera pansi, kumene kunja kumazizira madigiri 50 kunsi kwa ziro. Zimakwera kutali cotero cifukwa mpweya wa kumeneko ndi wopyapyala, ndipo sukaniza ndeke kwambiri monga mpweya wa pansi pano. Yesani kuthamanga m'madzi ofika m'ciuno, kenaka muthamange pa mtunda, mudzamva kusiyana kwake.

Gawani tsono 7,920 ndi 880. Yankho ndi maola 9. Koma m'zaka zimene ndeke zinali kuuluka kucoka ku Lusaka mpaka ku London osatera pena, ulendowo unali kutenga maola pafupifupi 10. Ola lakhumilo labisala kuti?

Mbali ina yabisala m'kukhota kumene tanena kale. Yotsalayo iri ku mayambiriro ndi ku mathero a ulendo. Nthawi yolembedwa pa tikiti imayamba kuwerengedwa ndeke ikangosuntha pamene inaima, isanauluke n'komwe. Imayenda pang'onopang'ono ngati ngolo kupita ku nsonga ya msewu wake woulukira, ndipo mwina imadikira inzake itere. Msewu umenewo pa bwalo la Lusaka ndi wotalika pafupifupi makilomita 4, pakuti bwalolo liri pamwamba, mamita oposa 1,100 kucokera pa nyanja ya mcere, ndipo pa malo okwera ndi otentha ndeke yolemera imafuna mtunda wautali kuti inyamuke. Ikanyamuka imatha mphindi 20 kapena kuposapo ikukwera, isanafike pa liwiro lake lonse. Kutsogoloko imayamba kutsika kukali makilomita ngati 200, ikucepetsa liwiro. Ndipo Heathrow ndi limodzi mwa mabwalo otanganidwa koposa pa dziko lonse, kotero kuti kawirikawiri ndeke imauzidwa kuti iyambe yazungulirazungulira kumwamba ngati kabawi, kudikira mpata wake. Mphindi khumi apa, mphindi makumi awiri apo, ola lakwana.

Pa ulendo waufupi zimenezi zimaonekera kwambiri. Kucokera ku Lusaka kufika ku Ndola mumlengalenga ndi makilomita pafupifupi 270. Mwana wofulumira adzagawa 270 ndi 880 nanena kuti ndi mphindi 18. Koma ulendowo umatenga mphindi 45 kapena kuyandikira ola. Ndeke zambiri za maulendo a m'dziko mwathu ndi zazing'ono, zokhala ndi mapiko ozungulira kutsogolo kwa injini, ndipo liwiro lao ndi la makilomita 450 kapena 500 pa ola. Ndiponso ndeke ikangotha kukwera, nthawi yoyamba kutsika yakwana kale. Ndiye cifukwa cace ulendo wotalika kawiri sutenga nthawi yowirikiza kawiri. Ku Johannesburg ndi makilomita 1,200, kuposa ku Ndola kanai, koma ndeke yaikulu imafikako pa maola awiri cabe.

Pali cinanso cimene sicilembedwa pa tikiti, ndico mphepo. Aliyense amene anapalasapo bwato adziwa kuti kutsika ndi madzi ndi kosiyana ndi kukwera nao, ngakhale mikono ndi nkhafi zikhale zomwezo. Ndeke imayandama mu mpweya monga bwato pa madzi, ndipo mpweyawo nawo ukuyenda. Pa msinkhu umene ndeke zimauluka pali mitsinje ya mphepo yamphamvu, imene kawirikawiri imaomba kucokera kumadzulo kupita kum'mawa. Mphepo ya makilomita 150 pa ola ikakhala kumbuyo, ndeke ya liwiro la 880 imadutsa nthaka pa makilomita 1,030 pa ola. Ikakhala kutsogolo, ndeke yomweyo imangotha 730. Ndiye cifukwa cace ulendo wocokera ku London kupita ku New York umatalika ndi ola lathunthu kuposa wobwerera, pamene mtunda ndi womwewo. Ulendo wa ku Lusaka ndi London suvutika kwambiri ndi zimenezi, popeza umapita kumpoto ndi kum'mwera, ndipo mphepoyo imauomba cam'mbali.

M'kalasi simulephera kukhala mwana wocenjera amene adzakweza dzanja nafunsa kuti, "Nanga popeza dziko limazungulira, bwanji ndeke osangoima kumwamba, kudikira kuti mzinda umene ifuna ufike pansi pake?" Musamseke, ndipo musamkalipire, pakuti safunsa anadya phula. Muuzeni kuti mpweya umazungulira pamodzi ndi dziko. Pano pa Lusaka, nthaka, nyumba, mitengo ndi mpweya womwe, zonse zikuthamangira kum'mawa pa makilomita pafupifupi 1,600 pa ola, ndipo sitimva kanthu cifukwa tonse tikupita limodzi. Nchenche youluka m'kati mwa basi yothamanga siimenyedwa ndi galasi la kumbuyo. Ndeke yoima kumwamba ingakhale ngati nchenche imeneyo: madzulo idzapezeka ikali pamwamba pa Lusaka pomwepo.

Mwina mudzati, kodi kuwerenga konseku kuli ndi phindu lanji, popeza wokwera amangokhala pa mpando ndi kudikira? Kwa woyendetsa ndeke masamu amenewa ndi moyo wa anthu mazana awiri kapena atatu amene ali kumbuyo kwake. Basi ikatha mafuta pa Nyimba, anthu amatsika nakhala pansi pa mtengo, wina napita ndi cigubu. Pamwamba pa Sahara palibe poima. Motero ndeke isananyamuke, amawerenga mtunda wa njira ya tsiku limenelo, mphepo imene akayembekezera, ndi kulemera kwa anthu ndi katundu, kuti apeze maola ndi mafuta ofunika. Pamwamba pa amenewo amaonjeza mafuta okafikira pa bwalo lina ngati loyambalo litatsekeka ndi nkhungu kapena ngozi, ndiponso ena okwanira kuuluka mphindi 30 zapadera. Kutenga ocepa ndi imfa, koma kungodzaza mopitirira nakonso ndi kuononga, cifukwa mafuta ndi olemera, ndipo ndeke yolemera imamwa kwambiri. Kugawa ndi kuculukitsa kumene mukuphunzira pa bolodi ndi komweko kumene kumacitika m'cipinda ca oyendetsa ndeke.

Tafika pa msampha umene umakola ngakhale akuluakulu, ndiwo wa nkoloko. Dziko limazungulira madigiri 360 pa maola 24, ndiko kuti madigiri 15 pa ola. Amene ali kum'mawa amayamba kuona dzuwa. Ngakhale m'dziko lathu lomwe lino, dzuwa limaturuka ku Chipata kukali mphindi pafupifupi 40 kuti lituruke ku Mongu. Mwana wa ku Chipata amakhala atatunga kale madzi pamene mnzake wa ku Mongu akali m'bulangete. Koma tinagwirizana kuti Zambia yense atsate nkoloko imodzi, kuti nkhani za pa wailesi ndi mayeso a sukulu ziyambe nthawi imodzi. Pakati pa maiko otalikirana kugwirizana kotere sikutheka. London ali kumadzulo kwa ife ndi madigiri 29, pafupifupi 30, motero nkoloko ya kumeneko iri m'mbuyo mwa yathu ndi maola awiri.

Tikiti ya ndeke imalemba nthawi yonyamukira monga mwa nkoloko ya kumene mukucoka, ndi nthawi yofikira monga mwa nkoloko ya kumene mukupita. Tiyerekeze kuti ndi mwezi wa January, ndipo ndeke yanyamuka ku Lusaka pa 09:00, tikiti ikuti idzafika ku London pa 17:00. Wocotsera mosaganiza adzati ndi maola 8. Koma pamene ku London ili 17:00, kuno kwathu ili 19:00, ndipo kucokera pa 09:00 kufika pa 19:00 ndi maola 10. Pobwerera, tiyerekeze yanyamuka ku London pa 19:00 ndi kutera ku Lusaka m'mawa pa 07:00. Pa pepala aoneka ngati maola 12, ndipo wina adzati ndeke yobwerera ndi yaulesi. Koma 19:00 ya ku London ndi 21:00 ya kuno, ndipo kucokera pamenepo kufika 07:00 ndi maola 10 omwe aja. Njira yosasocera nayo ndi imodzi: musanacotsere ciri conse, sandutsani nthawi zonse ziwiri zikhale za nkoloko imodzi, ndipo ndi bwino ikhale ya kwanu.

Angerezi aonjezapo kanthu kena. Pa Sondo lomaliza la March amakankhira nkoloko zao kutsogolo ndi ola limodzi, kuti agwiritse nchito kuwala kwa masiku ao aatali a cilimwe, ndipo pa Sondo lomaliza la October amazibweza. M'miyezi ya pakatiyo kusiyana kwa Lusaka ndi London ndi ola limodzi cabe. Amene ali ndi m'bale wao ku Britain adziwa zimenezi poimba lamya. Ndi anansi athu a ku Malawi, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa tiri pa nkoloko imodzi, koma Tanzania, Kenya ndi Ethiopia ali patsogolo pathu ndi ola limodzi.

Maola 10 amenewa sanakhale 10 kuyambira kale. Mu 1932 kampani ya Imperial Airways inayamba maulendo a mlungu ndi mlungu kucokera ku London kupita ku Cape Town, ndipo ulendo wonse unaikidwa kuti uzitenga masiku 11. Ndeke za nthawiyo sizinali kufika ngakhale makilomita 200 pa ola, ndipo mafuta ake anali kutha msanga, motero zinali kudumphadumpha ngati ciwala: Cairo, Khartoum, Juba, Kisumu, Nairobi, Dodoma, Mbeya. M'dziko lathu zinali kutera pa Mpika ndi pa Broken Hill, pamene lero tikuti Kabwe. Kawirikawiri zinali kuuluka usana, aulendo nagona pansi usiku, ndipo mbali ina ya ulendowo ku Ulaya anali kuiyenda pa sitima ya pa njanji. Wocoka ku London anali kufika ku Broken Hill patapita masiku oposa mlungu. Pakati pa 1948 ndi 1950 kunabwera ndeke zotera pa madzi, zimene zinali kutsikira pa mtsinje wa Zambezi kumtunda kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya.

Kusintha kwakukulu kunadza pa 2 May 1952, pamene ndeke yochedwa Comet inanyamuka ku London ndi anthu 36. Umenewu unali ulendo woyamba pa dziko lonse wa ndeke ya jeti yonyamula anthu olipira, ndipo dziko lathu linali pa njira yake. Inatera ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone, nifika ku Johannesburg patapita maola 23 ndi mphindi 40. M'zaka 20 zokha, masiku anasanduka maola. Bwalo lalikulu la Lusaka linatsegulidwa mu 1967, ndipo m'zaka za m'ma 1970 Zambia Airways inali kupita ku London ndi ndeke za Boeing 707. Mu 1984 inalandira ndeke yaikulu ya DC-10 imene inapatsidwa dzina lakuti Nkwazi, ndipo makolo anu ambiri akali kuikumbukira.

Codabwitsa ndi cakuti kucokera pa nthawi ya Boeing 707 liwiro la ndeke zonyamula anthu silinakwere kwenikweni. Za masiku ano zimamwa mafuta ocepa, sizisokosa kwambiri, ndipo zimafika kutali osatera, koma kuthamanga kwake ndi komwe kuja. Ndipo kwa munthu wa mu Zambia ulendo wa ku London unatalika m'malo mofupika. Zambia Airways yakale inaleka kuuluka mu 1994, ndipo British Airways inaleka kubwera ku Lusaka mu 2013. Zitatero, aulendo anayamba kudzera m'mizinda ina ndi kusintha ndeke kumeneko. Bwererani ku mpira ndi ulusi, muyese njira zimenezi. Kudzera ku Addis Ababa ndi makilomita 2,900 kuphatikiza 5,900, onse 8,800. Kudzera ku Dubai ndi 5,400 kuphatikiza 5,500, onse 10,900. Wodzera ku Johannesburg amayamba wapita kum'mwera makilomita 1,200, kufulatira kumene akupita, ndipo pobwerera kumpoto amayenda ena oposa 9,000. Pamwamba pa maola a kumwamba muonjezepo maola okhala pa benci podikira ndeke yaciwiri, amene sagawika ndi liwiro liri lonse.

Aphunzitsi, mawa lembani pa bolodi funso ili, ndipo musawathandize msanga. Ndeke yanyamuka ku Lusaka pa 13:20, ndipo yatera ku Nairobi pa 17:00 monga mwa nkoloko ya ku Kenya. Mtunda wake ndi makilomita 1,800. Kodi yatha nthawi yaitali bwanji, ndipo liwiro lake la ulendo wonse ndi lotani? Ambiri adzalemba maola 3 ndi mphindi 40. Amene akumbukira kuti Kenya ali patsogolo ndi ola limodzi adzapeza maola 2 ndi mphindi 40, ndipo akagawa bwino adzapeza makilomita 675 pa ola. Amenewo muwafunsenso kuti, popeza ndekeyo imatha kuthamanga 880, makilomita 205 enawo apita kuti.